Nkhope ya Che Alidi pa Pepala la Tchipisi

Mukaona minibasi yakale ya ku Limbe, ija chitseko chake amachita kumanga ndi chingwe, muyang'ane mawu olembedwa kumbuyo. Zilembo zikakhala zowongoka, zopanda penti woyenderera, dziwani kuti ndi dzanja la alamu anga, a Gracian Matewere. Ndikunena dzanja lamanja, limene lero silitha kugwira ngakhale supuni. Za mmene linafera dzanja limenelo ndikuzidziwa bwino, chifukwa amene ndinayambitsa zonsezo ndine, Annette, mng'ono wawo wa malemu akazi awo.

A Gracian anabadwira ku Chimwankhunda, ndipo mpaka lero akukhala m'nyumba yomweyo ya bambo awo. Sukulu analekeza Fomu 2. Si kuti mutu unali wouma ayi, koma kope lililonse limene ankawagulira ankalidzaza ndi nkhope za aphunzitsi. Bambo awo atatopa anakawasiya kwa mkulu wina wolemba zikwangwani kuti akavutane komweko. Ntchito anaigwira mtima, kenako anapeza kamalo pakhonde la shopu ya a Mahmood, opikulitsa nsalu ndi mabulangete mu Limbe. Mbali ina ya khonde lomwelo kunali telala, Che Alidi, Myao wa ku Mangochi, ndi makina ake opalasa ndi phazi.

Anthu awiriwa, abale inu! Zaka zoposa makumi awiri ali pakhonde limodzi, wina mkulu wa mpingo, wina wosaphonya kumzikiti, ndipo dzuwa silinkalowa asanakangane za Mulungu. Akatha kukangana ankagawana tiyi wa m'fulasiki imodzi. Lachisanu masana Che Alidi akapita kokaswali, a Gracian ndiwo ankalondera makina aja.

Mu 2009 achemwali anga a Felicia anapita kuchipatala kukachira. Mwana anapitirira, ndipo iwo magazi anangoti kutayika osaleka. Anamwino anatuluka n'kutiuza kuti magazi a gulu lawo atha, tiitane achibale. A Gracian anayezedwa, sanafanane. Amayi akumpingo anabwera, anaimba, anapemphera mpaka mawu kusasa, koma za singano aliyense anali ndi chifukwa chake. Ine, wobadwa mimba imodzi ndi wodwalayo, ndinati ndikukagula madzi akumwa pageti. Ndinabwerako dzuwa litapendeka. Ndinkadziwa kuti asanatenge magazi amayamba ayeza, ndipo mwamuna amene ndinali naye nthawi imeneyo anali woyendayenda. Ndinaopa kumva zimene akanapeza.

Pobwerera ndinapeza Che Alidi atakhala pabenchi, tepi yoyezera zovala idakali m'khosi, akumwa sobo amene anawapatsa anamwino. Anali atatseka makina, n'kukwera minibasi, n'kudzapinda mkono wa malaya popanda wowapempha. Magazi awo anafanana. A Felicia anakhala moyo zaka zina zisanu ndi chimodzi. A Gracian sanandifunsepo kuti madzi aja ndinakawagula kuti, ngakhale tsiku limodzi. Kunena zoona, ndikanakonda akanangonditukwana.

Chaka chomwecho cha 2009 ndi pamene a Gracian anayamba kujambula nkhani ya Mmishonale Noel. Ankajambula m'makope a ana asukulu, akaweruka, ndi pensulo yakuda ndi ina yofiira. Nkhani yake ndi yoopsa, musamve zoti mkulu wa mpingo. Zimachitika zaka zikwizikwi kutsogolo, dzuwa litazima. Anthu amakhala m'mimba mwa maiko achitsulo oyandama mumdima, ndipo olamula ndi makina otchedwa Eni Zitsulo, amene mafuta awo ndi magazi a anthu. Noel amayenda dziko ndi dziko pa chombo chophwanyika chofanana ndi minibasi ya ku Bangwe. Mfuti alibe. Ali ndi buku la chikuto chachitsulo ndi kapaipi basi. Akapeza anthu amene makina awayamwa n'kuwataya, amalumikiza kapaipi kumkono wake n'kuwagawira magazi akeake. Salalikira pokhapokha munthu atadzuka n'kumufunsa kuti wachitiranji zimenezi. Kope lililonse Noel amaonda kuposa kope lapitalo.

Vuto la alamu anga linali limodzi: sankatha kupeka nkhope.

"Nkhope anapeka kale Mulungu," ankatero. "Ine ndingawonjezerenji?"

Ndiye aliyense wodutsa pakhonde paja ankalowa m'makope. Oitanira minibasi, amayi a tomato, achitetezo a m'mashopu, Melvin wokazinga tchipisi pachiwaya, onse anali m'maiko amdimawo osadziwa. Noel mwini wake anali ndi nkhope ya Che Alidi, ndi kandevu komweko, ndi chipsera chomwecho cha pachikope. Che Alidi sankadziwa. Ine ndinkadziwa chifukwa a Felicia ankandionetsa makopewo mwakuba. Ndinasanthula onse kufuna nkhope yanga, ngakhale pagulu la akufa, koma sindinaipeze. Zinandipweteka, ndipo chifukwa chake ndinkachidziwa.

Tsopano tifike mu Okutobala wa 2017. Amene munali mu Blantyre mukukumbukira mphekesera za anamapopa. Zinayambira kumaboma a kumapiri uko, zinabwera pang'onopang'ono mpaka zinalowa m'tauni. Munthu akadzuka ndi chizungulire, akuti wapopedwa. Mlendo akafunsa njira, akuti akufufuza nyumba. Kunali kutentha, anthu sankagona bwino, ndipo aliyense anali ndi mnansi wa mnansi amene anaona ndi maso. Tinkamva za anthu ophedwa ndi gulu chifukwa chongonyamula chikwama chachilendo.

Ine ndimagwira ntchito pa kashopu ka fotokope pafupi ndi depoti. Sabata imeneyo a Gracian anabwera ndi jumbo yodzaza makope makumi atatu ndi limodzi.

"Alamu, chiswe chalowa m'nyumba ndipo denga likudontha," anatero. "Mvula isanayambe ndikufuna Noel akhale pawiri."

"Inu ndi zidole zanuzi," ndinatero. "Anzanu akumanga nyumba, inu mukumanga mdima."

Anangoseka. Ndinayamba ntchito, koma inki ya m'makina inali kutha. Mapepala ambiri anatuluka otuwa. Mawu ang'onoang'ono olankhula anthu aja sankawerengeka, ndipo timivi tofiira timene alamu ankajambula pambali pa kapaipi, tosonyeza kumene magazi akulowera, tinazimiririka. Ndinathira inki yatsopano n'kubwereza. Mulu wa mapepala owonongekawo ndinachita nawo zimene ndakhala ndikuchita zaka zonse: ndinampatsa Melvin kuti azikulungira tchipisi, iye n'kundipakulira mbale yanga ya masana. Ngakhale kuganiza sindinaganize. Pepala lowonongeka mu Limbe silitayidwa, limathera pachiwaya kapena pa mtedza.

Lachinayi, cha m'ma 11 koloko, ndinamva mfuu kuchokera kudepoti. Sindinalabadire, pajatu kudepoti mfuu ndi chakudya. Kenako Melvin analowa m'shopu akuthamanga, chipande chokazingira chidakali m'manja.

"Anti, mapepala aja munawatenga kuti?"

"Bwanji?"

"Amake Steven, ogulitsa nthochi aja, agula tchipisi. Potsegula apeza nkhope yawo. Agona chagada, paipi ili pamkono, mbali inayo kuli Che Alidi. Ndiye mayiwa sabata yonseyi akhala akudandaula chizungulire! Anthu alanda mapepala onse, aliyense akudzipeza yekha. Akuti ndi mndandanda wa oti apopedwe. Apita kukhonde kwa a Mahmood."

Ndinadziwa tsamba lake, la m'kope la 27, pamene Noel akudzutsa mayi wotayidwa padzala la zitsulo. Koma popanda timivi tija, ndani akanadziwa kuti magazi akupita kuti?

Mukudziwa chimene ndinachita? Ndinamukankhira Melvin panja n'kukhoma chitseko. Ndinaima kuseri kwa makina a fotokope, ndikudziuza kuti palibe akudziwa kuti mapepala anachokera kwa ine kupatula Melvin. Ndinaima choncho mwina mphindi zitatu. Ndinali nditapitanso kukagula madzi pageti. Manyazi atandikwana ndinatenga foni n'kuimbira alamu, amene tsiku limenelo ankalemba minibasi kuseri kwa depoti.

"Alamu, akufuna kuwapha Che Alidi. Chifukwa cha Noel. Ndine ndalakwitsa."

Sanafunse kalikonse. Foni inangoduka.

Nditafika pakhonde paja, msewu unali utatsekeka ndi anthu. Ndinadzipanikiza mpaka ndinafika poti n'kuona. Che Alidi anali atakhala pansi, atatsamira khoma, chisoti chawo chitagwera m'ngalande. Mlomo unali kutuluka magazi. Makina awo anali atagubuduzidwa, ndipo mnyamata wina wamkulu thupi, woitanira minibasi wotchedwa Eddie, anali atatsegula kabati ka makinawo n'kumaonetsa anthu zimene wapeza.

"Onani masingano! Onani kabotolo ka paipi aka!"

Kanali kabotolo ka oyilo wa makina, kaja kokhala ndi kamlomo katali. Telala aliyense ali nako. Koma tsiku limenelo anthu anakuwa ngati aona mutu wa munthu. Amake Steven anali kutsogolo, akulira, akugwedeza pepala lonona mafuta.

"Mwana wanga ndinamusoketsa yunifolomu pompano! Ankandiyeza ine ndi maso!"

Che Alidi ankangoti, "Amayi, ine pepalalo sindikulidziwa. Wallahi sindikulidziwa." Ankanena zoona, ndipo n'chifukwa chake mawu awo ankamveka ofooka.

Chitseko chachitsulo cha shopu chinali chitatsitsidwa mpaka m'mawondo. Pansi pake ndinkaona mapazi a a Mahmood akuyendayenda, ndipo ndinkamva akukuwa pafoni kuitana apolisi. Kenako tayala linadutsa pamwamba pa mitu ya anthu, dzanja ndi dzanja, mpaka linagwera pakhonde. Wina anapatsira Eddie botolo la petulo. Fungo lake linandifika pamene ndinaima.

Ndi pamene a Gracian anatulukira. Munthu wochepa thupi, wa ovolosi yothimbirira, sindikudziwa anadutsa bwanji. Anakwera pa tebulo lodulirapo nsalu la Che Alidi n'kukweza manja onse awiri. Mayo ine! Manjawo anali ofiira mpaka m'zigongono. Minibasi imene ankalemba inali ya zilembo zofiira, ndipo pothamanga anagubuduza chitini. Anthu anabwerera m'mbuyo, ena anakuwa. Ndinati basi, apa afa awiri.

Koma alamu anga akhala akulalikira pamaliro zaka zambiri, anthu a m'tauni muno amawadziwa. Anakoka mpweya n'kukuwa ndi mawu a paguwa.

"Aleluya!"

Simungakhulupirire, koma anthu angapo anayankha kuti ameni. Pakamwa panangoyankha pokha, monga timachitira mlaliki akaimirira m'basi. Ena anaseka mwamanyazi. Phokoso linatsika pang'ono.

"Uyu ndi penti," anatero a Gracian. "Nunkhizani. Ine ndine Matewere wolemba zikwangwani, theka la minibasi zanuzi ndinalemba ndine. Mapepala amene muli nawowo ndinajambula ndine. Bambo awa sakudziwa kanthu. Ndi nthano yanga, ndipo munthu ali pamenepoyo sakupopa magazi, akupereka."

"Bodza!" anakuwa Eddie. "Mukufuna kumuthawitsa mnzanu! Ndani angajambule nkhope ya munthu chonchi ndi manja? Izi ndi za makina awo omwewo!"

"Iwe, ima pomwepo," anatero a Gracian. "Usagwedezeke."

Anatembenukira kukhoma loyera la shopu ya a Mahmood, n'kuyamba kujambula ndi chala. Chala chokha, ndi penti wa m'manja mwawo. Mzere woyamba, wachiwiri. Akauma amapaka chala pamkono n'kupitiriza. Dzanja linali phee. Panatuluka chipumi, panatuluka mphuno yophwatalala, panatuluka dzino lothyoka ndi kapu yotembenuzira kumbuyo. Anthu anayamba kusuzumira, akumbuyo akukwera pamapewa a anzawo.

"Ndi Eddie!" anakuwa mayi wina. "Ndi Eddie ndithu, onani mlomowo!"

Msewu wonse maso anali pakhoma. Eddie mwini wake anayasama, botolo lili m'manja. Ine ndekha ndiye ndinaona zimene zinkachitika pansi. Manja anayi anatuluka pansi pa chitseko chachitsulo, a a Mahmood ndi a akazi awo a Hajra, n'kugwira Che Alidi m'khwapa. Anawakoka chagada ngati thumba la chimanga. Mapazi atangolowa, chitseko chinagwa pansi n'kulira kuti phwaa, maloko n'kutsekedwa m'kati.

A Gracian anamva, ndipo ndikudziwa kuti n'zimene ankadikira, chifukwa sanatembenuke. Anamalizitsa khutu la Eddie.

Gulu likazindikira kuti lapusitsidwa limakwiya kuposa poyamba. Wina anakuwa kuti ndiye mwini mndandanda ndi ameneyu, amalemba anthu n'kuwapereka. Eddie, poona nkhope yake pakhoma ndi utoto wofiira, anachita mantha enieni, anayamba kukuwa kuti amulemba, amulemba, afa. Mwala woyamba unawapeza alamu paphewa. Anawagwetsa pansi kuchokera patebulo paja. Ine apa ndiye ndinatsegula pakamwa, ndinakuwa kuti mapepala ndinapereka ndine, ndi a fotokope, funsani Melvin. Ndinakuwa mpaka kukhosi kunawawa, koma nthawi yomvera inali itadutsa. Ndinaona njerwa ikutsika padzanja lawo lamanja, kawiri. Tayala lija anali atalikweza kale pamene utsi wokhetsa misozi unagwa pakati pathu, anthu n'kubalalika.

Kuchipatala anatiuza kuti ataya magazi ambiri, m'mutu ndi m'mimba, ndipo akufunika owonjezera msanga. Ndinali pabenchi, mwina lomwe lija. Posakhalitsa galimoto ya a Mahmood inaima panja, Che Alidi n'kutsika, mlomo uli chotupa, mkono wa malaya atapinda kale.

"Muli ndi zaka zingati, bambo?" anafunsa anamwino.

"Sikisite eyiti."

"Pepani, mwapitirira msinkhu. Komanso inuyo mwavulala."

Che Alidi anachonderera, anati magazi awo ndi abwino, anagwirapo kale ntchito m'banja lomweli. Anamwino anakana. Mkuluyo anakhala pansi n'kuyamba kulira mwakachetechete, mkono uli chipindire. Palibe anandiyang'ana ine. Ndikanatha kupita pageti, palibe akanadabwa.

Ndinaimirira n'kunena kuti yezani ine.

Anandiyeza zonse. Ndinadikira zotsatira. Anamwino anabwera n'kunena kuti magazi anga alibe vuto lililonse, ndipo ndi a gulu losowa lija lotha kuthandiza munthu aliyense. Anati anthu ngati ine amawafuna kwambiri, bwanji sindinabwerepo? Gulu lake linali lomwe lija la a Felicia. Zaka zisanu ndi zitatu ndinakhala ndikuthawa chinthu chimene kunalibe, ndipo tsiku lija ndikanangopinda mkono, wopulumutsa mchemwali wanga ndikanakhala ine. Ndinalira pabedi lopereka magazi mpaka anamwino anaganiza kuti ndi singano.

A Gracian anatsitsimuka tsiku lachitatu. Che Alidi anali pambali pa bedi ndi makope onse, amene ndinawapatsa kuti aone chimene anamenyedwera. Anali atawerenga mpaka kope la 12.

"A Matewere," anatero, "zaka zonsezi mwalephera kunditembenuza pakhonde, ndiye mwangondiveka kolala ya abusa m'buku? Ine munthu wa kumzikiti?"

"Ndinafunafuna nkhope ina kumpingo," anayankha alamu ndi mawu otsika. "Sinapezeke."

Che Alidi anatseka kope. Kenako anati ngati nkhaniyo ipitirire, Noel amubwezere chisoti chake, chifukwa kumaiko opanda dzuwako kuyenera kuti kumazizira.

Dzanja lamanja silinachire. Zala zitatu zinauma chopindika, ndipo ntchito ya zikwangwani inathera pomwepo. Masiku ano a Gracian amakhalabe pakhonde paja, amathandiza Che Alidi kulemba miyezo ya makasitomala ndi dzanja lamanzere, ndipo amakanganabe za Mulungu. Amake Steven amadutsa tsidya lina la msewu. Eddie anasamukira kudepoti ina. Nkhope yake idakali pakhoma, yafiira mpaka kuda, chifukwa a Mahmood anakana kuti ipakidwe laimu.

Chaka chatha alamu anabwera kushopu kwanga ndi kope limodzi, la nambala 32. Linawatengera zaka zisanu. Mizere yake ndi yonjenjemera, ngati ya mwana wa Sitandade 2. M'menemo Noel wakalamba, wavala chisoti, ndipo mitsempha yake yauma moti kapaipi sikakutulutsanso kanthu. Wagwa pakati pa anthu otayidwa m'dziko lomaliza. Patsamba lotsatira pali makina aakulu, ndipo kuseri kwake kwabisala mzimayi. Masamba atatu athunthu mzimayiyo ali chibisalire. Patsamba lachinayi akutuluka, akutola kapaipi.

Ndinayang'ana nkhope ya mzimayiyo nthawi yaitali.

"Mphuno yanga si yaikulu chonchi," ndinatero.

"Ndi dzanja lamanzere, alamu," anatero. "Ndinayesetsa."

Anafunsa ngati ndingalipange fotokope, poti chiswe chija sichinathe. Ndinakana. Ndinakagula kope latsopano ndi pensulo yofiira, ndipo ndikukopera ndekha pamanja, tsamba limodzi pa sabata, ndi timivi tonse.